Kuyeza Mtambo ndi Nyali: Kumwamba Kumadziwika ndi Woima Pansi

Nkhani yokambidwa kwa ophunzira, aphunzitsi ndi makolo ku Kanini, mumzinda wa Ndola

Ndikudziwa kuti kuno ku Kopala chinenero cha pamsika ndi m'basi ndi Chibemba, ndipo eni nthaka ino ndi Alamba. Koma ambiri a ife tili ndi agogo amene anachokera ku Chipata, ku Katete, ku Dedza kapena ku Kasungu kudzagwira ntchito m'migodi ndi kunjanji, ndipo Chinyanja sichinatuluke m'nyumba zathu. Choncho lero tikamba m'chinenero cha agogowo. Anzathu amati amakumbi, ife timati mitambo, koma ikagwetsa mvula imatinyowetsa tonse mofanana.

Ndiyambe ndi funso. Pobwera kuno mwaona mitambo yoyera ija yakhala ngati milu ya thonje cha kumpotoku. Kodi ili patali bwanji kuchokera pansi? Nditafunsa anthu khumi muno, wina anganene mamita 500, wina makilomita 5, ndipo aliyense angalumbire kuti waona bwino. Diso silinama mwadala, koma limasowa pogwira. Kutalika kwa mtengo wa mango timakudziwa chifukwa pambali pake pali nyumba kapena munthu. Mtambo ulibe mnzake woima naye. Mtambo waung'ono wapafupi ndi mtambo waukulu wakutali zimaoneka chimodzimodzi.

Mwina wina akuti mumtima, nanga zili ndi kanthu? Kwa mayi woyanika ufa, mtambo ndi mtambo basi, bola ufa ulowe m'nyumba. Koma kumadzulo kwa mzinda uno kuli bwalo la ndege la Simon Mwansa Kapwepwe, limene linatsegulidwa mu 2021. Woyendetsa ndege yochokera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa akamatsikira kumeneko m'mawa wa mu Januwale, amakhala ali m'kati mwa mtambo, osaona chilichonse koma zoyera zokhazokha, ngati munthu wophimbidwa ndi nsalu. Akutsika pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Funso lake ndi limodzi: ndituluka liti mumtambowu kuti ndione msewu wotera? Pa mabwalo ambiri okhala ndi zida zotsogolera ndege, lamulo limati akafika mafiti 200, amene ndi mamita 60 okha, asanaone msewu kapena nyali zake, asatere, akwerenso. Ndiye kutalika kwa kunsi kwa mtambo si nkhani yocheza nayo. Achingerezi amakutcha ceiling, ndiye siling'i ija ya m'nyumba, chifukwa mitambo ikaphimba imakhaladi ngati denga la dziko.

Nyali yoloza kumwamba

Ndili mnyamata ndinagwirako ntchito yowerenga zanyengo pa kabwalo kena ka ndege kakang'ono. Usiku woyamba mkulu amene ankandiphunzitsa anandituma kukayatsa nyali imene inali kutali kumapeto kwa bwalo. Inali nyali yamphamvu, yokhala mu chitsulo ngati ndowa, yoloza kumwamba tolotolo. Nditayatsa, kuwala kunakwera ngati mtengo wa bulugamu, n'kukathera pa kadontho koyera, kozungulira ngati mwezi wodwala. Mkuluyo anandiitana kuti ndibwerere pa ofesi, pomwe panali kachipilala ka simenti. Pamwamba pake panali kachipangizo kokhala ndi kachubu kosuzumira ndi manambala a madigiri. Anati, “Mphwanga, suzumira mpaka kadontho kaja kalowe pakati, uwerenge ngodya.” Ndinawerenga madigiri 45. Iye osayang'ana n'kumwamba komwe anati, “Ndiye mtambo uli patali monga momwe wayendera popita kukayatsa nyali.”

Ndinaona ngati matsenga, chonsecho ndi masamu omwe mumachita m'kalasi. Pali mfundo zitatu: pamene pali nyali, pamene mwaima inu, ndi kadontho ka pamtambo. Mukazilumikiza mumapeza thirayango, ndipo popeza nyali yaloza kumwamba mowongoka, ngodya ya pa nyalipo ndi madigiri 90. Mtunda wa pansi, wochokera pa nyali kufika pa inu, munauyeza kale ndi tepi. Ngodya ya pamene mwaima mwaiwerenga. Chatsala ndi kuchulukitsa mtunda wa pansiwo ndi tan ya ngodyayo, batani lomwe lija la pa kakyuleta limene ena mwa inu mumalida.

Tiyerekeze kuti mtunda wa pansi ndi mamita 300. Ngodya ikakhala madigiri 30, mtambo uli pa mamita 173. Ikakhala 45, uli pa mamita 300 ndendende. Pa madigiri 60 uli pa mamita 520, ndipo pa 75 uli pa mamita 1,120. Mwaona kuti palibe amene wakwera makwerero. Chinthu chosafikika tachiyeza pogwiritsa ntchito chinthu chofikika. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa nkhani yanga yonse yatsamira pomwepo: kumwamba timakuyeza kuchokera pansi, ndipo mukalakwitsa pansi, kumwambanso mwalakwitsa. Amene anayeza mamita 300 aja atachita ulesi n'kungoyerekeza ndi mapazi, nambala iliyonse yotuluka pa bwalolo kwa zaka makumi ikanakhala yabodza, ngakhale owerengawo akanakhala oona mtima chotani.

Njira imeneyi ili ndi pofooka pake, ndipo munthu wanzeru amadziwa pofooka pa chida chake. Mtambo ukakhala pafupi, kulakwitsa ndi digiri imodzi sikupweteka: pa madigiri 45 mukawerenga 46, mwangosiyana ndi mamita 11. Koma mtambo ukakwera, ngodya n'kufika 80, yankho ndi mamita 1,701, pamene pa 81 ndi mamita 1,894. Kugwedezeka pang'ono kwa dzanja kwadya mamita pafupifupi 200. Mwayi wake ngwakuti nyali imanena zoona kwambiri pamene tikuzifunitsitsa, ndiye pamene mtambo watsika ndipo ndege ili pangozi. Vuto lina, masana kadontho kaja sikaoneka, dzuwa limakameza.

Masana tinkagwiritsa ntchito chibaluni. Kabaluni kakang'ono kodzazidwa ndi mpweya wopepuka, mwa muyezo wake, kamakwera mamita pafupifupi 140 pa mphindi. Mumakamasula, wotchi ili m'manja, n'kumakayang'ana mpaka katayamba kuzimirira mumtambo. Kakatenga mphindi 5, ndiye mamita 700. Njira yosavuta, koma mphepo ikakhala yamphamvu kabaluni kamathawira kumbali, ndipo mvula ikakanyowetsa kamalemera n'kumakwera mwaulesi.

Nyali imene imamvera mawu ake obwerera

Pa mabwalo amakono chipangizo chochita ntchitoyi chimatchedwa ceilometer. Mukachiona mungachiyese kabati yoyera yoimikidwa pa udzu, yokhala ndi galasi pamwamba. M'kati mwake muli laser, mtundu wa kuwala umene Theodore Maiman anayamba kuutulutsa ku America mu 1960. Chipangizochi sichiyeza ngodya koma nthawi. Amene munakulira kufupi ndi mapiri mukudziwa kuti mukafuula moyang'ana thanthwe mawu amabwerera, ndipo thanthwe likakhala kutali amachedwa. Ceilometer imachita zomwezo ndi kuwala. Imaponya kang'aning'ani kumwamba, timadontho ta madzi ta mumtambo timabweza pang'ono, ndipo iyo imawerenga nthawi imene yadutsa.

Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Mtambo ukakhala pa mamita 1,500, ulendo wopita ndi wobwera ndi mamita 3,000, ndipo kuwala kumautha m'magawo 10 mwa magawo 1,000,000 a sekondi imodzi. Kuphethira kwa diso lanu ndi chaka chathunthu poyerekeza ndi kanthawi kameneko. Makinawo amaponya kambirimbiri pa sekondi, usana ndi usiku, ndipo ena, monga opangidwa ndi kampani ya Vaisala ya ku Finland, amafika makilomita oposa 7. Kuwala kwake maso athu sakuona, ndiye sikusokoneza woyendetsa ndege. Apa ndichenjeze anyamata: tija timatochi ta laser togulitsidwa pamsika musayerekeze kutilozetsa ku ndege. Mungachititse khungu munthu amene wanyamula miyoyo ya anthu ambiri.

Komatu ngakhale ceilometer ili ndi diso lopapatiza. Imaona kamzere kamodzi kokha pamwamba pake, ngati munthu wosuzumira kumwamba kudzera pa bowo la lata. Mtambo wakuda ungakhale ukubwera kuchokera ku Congo, iyo n'kumanena kuti kumwamba kuli mbee. N'chifukwa chake munthu amatulukabe panja. Amagawa thambo m'magawo 8 m'maganizo mwake, n'kuona kuti mitambo yadya magawo angati. Uthenga umene umapita kwa oyendetsa ndege theka la ola lililonse kapena ola lililonse, wotchedwa METAR, umalembedwa mwachidule. Mukaona BKN015, ndiye kuti mitambo yaphimba magawo 5 mpaka 7, ndipo kunsi kwake kuli mafiti 1,500 pamwamba pa bwalo. Woyendetsa ndege wa ku China, wa ku Brazil ndi wa kuno amawerenga zilembo zomwezo n'kumva chimodzimodzi.

Chifukwa chake mitambo imakhala yosalala kunsi

Tsopano ndikuuzeni njira imene ndimaikonda kuposa zonse, yoyezera mtambo popanda kuyang'ana kumwamba. Pa malo ambiri owerengera zanyengo pali kabokosi koyera kokhala pa miyendo, kokhala ndi timipata ngati khola la nkhunda. Anakapanga ndi Thomas Stevenson wa ku Scotland mu 1864. N'koyera kuti kasamwe dzuwa, kali ndi timipata kuti mphepo idutse, ndipo kamaima kupitirira pang'ono mita imodzi kuchokera pa udzu. Chitseko chake chimayang'ana kumene dzuwa silingalowere potsegula. Kuno ku Ndola zimenezi zimafuna nzeru, chifukwa dzuwa la masana limakhala kumpoto miyezi yambiri, koma kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale limapendekera kumwera.

M'kabokosimo muli ma thermometer awiri oima pamodzi ngati mapasa. Wina ali wamba. Mnzake wavala kansalu kumapazi, ndipo chingwe cha kansaluko chamira m'kabotolo ka madzi. Madzi akamauma pa kansalu amaziziritsa thermometer, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Mpweya ukakhala wouma, madzi amauma msanga ndipo mapasawo amasiyana kwambiri. Ukakhala wa chinyezi, amayandikana. Kuchokera pa kusiyanako timapeza nambala yofunika kwambiri: kuzizira kumene mpweyawo uyenera kufika kuti uyambe kugwetsa mame.

Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wa pansi umakwera, ndipo pokwera umazizira ndi madigiri pafupifupi 10 pa kilomita iliyonse. Ukafika pa kuzizira kwa mame kuja, chinyezi chimasanduka timadontho, ndipo pomwepo mtambo wabadwa. Popeza mpweya wa dera lonse uli ndi chinyezi chofanana, mitambo yonse imabadwira pa msinkhu umodzi. N'chifukwa chake mitambo ya thonje ija imakhala yosalala kunsi ngati yakhazikidwa pa tebulo lagalasi, pamene pamwamba ili yotukumuka ngati thobwa lowira. Masamu ake ngachidule: digiri iliyonse ya pakati pa kutentha kwa mpweya ndi kuzizira kwa mame imakweza mtambo ndi mamita 125. Tiyerekeze masana a mu Okutobala: kutentha 32, mame 8. Kusiyana ndi 24, ndiye mtambo ukapezeka uli pa mamita 3,000. M'mawa wa mu Januwale: kutentha 20, mame 19. Mtambo uli pa mamita 125, pafupifupi kukhudza nsonga za mitengo. Manambala awiriwo akafanana, mtambo wakhala pansi, ndiwo timautcha nkhungu. Amene munakhalako ku Mulanje kapena ku Thyolo mukukumbukira chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, mitambo yotsika ndi mvula yowaza imene imatchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique. Ndi nkhani yomweyi: mpweya wonyowa wochokera kunyanja yamchere ukukwera mapiri n'kuzizira.

Pano ndiulule tchimo langa. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinawerenga mapasa aja n'kupeza kuti ali ofanana. Ndinalemba m'buku osaganiza, n'kubwerera pa mthunzi. Mkulu uja atawerenga anandiitana modekha, n'kundigwira dzanja kupita nane panja. Kumwamba kunali kofiirira ndi utsi wa lupsa, udzu uli gwaa. Anati, “Mphwanga, ndionetse nkhungu yako.” Kenaka anatsegula kabokosi n'kundionetsa kabotolo: mouma ngati mkamwa mwa mbuzi. Ndinali nditaiwala kuthiramo madzi masiku atatu. Thermometer sinaname, inanena zimene inamva. Wonama ndinali ine, amene ndinalemba nambala osafunsa ngati ikugwirizana ndi thukuta limene linali pamphumi panga. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso kuti chida chilichonse chimafuna munthu wochisamala ndi wochikayikira.

Kulemera kwa mpweya ndi usiku wa mu 1961

Chida china chimene ndege imakhulupirira ndi barometer. Mpweya, ngakhale sitiuona, uli ndi kulemera, ndipo tonse tili pansi pake ngati nsomba pansi pa nyanja. Evangelista Torricelli wa ku Italy ndiye anauyeza koyamba mu 1643. Mu 1648 Blaise Pascal wa ku France anapempha mlamu wake kuti akwere phiri la Puy de Dôme atanyamula chida chomwecho, ndipo anapeza kuti munthu akamakwera, kulemerako kumachepa. Pagombe la nyanja yamchere kumakhala pafupifupi 1,013 hPa. Kuno ku Ndola, pamene takwera mamita oyandikira 1,300, kumakhala cha m'ma 870.

Chida cha m'ndege chouza woyendetsa kuti ali pamwamba bwanji, altimeter, ndi barometer yomweyo, kungoti nkhope yake inalembedwa mafiti. Koma kulemera kwa mpweya kumasintha tsiku ndi tsiku, ndiye ndege isanatere, wa pansanja ya pa bwalo amauza woyendetsa nambala ya tsikulo, yotchedwa QNH, kuti akonze chida chake. Nambalayo ikalakwika ndi 1 yokha, ndege yanamizidwa ndi mamita 8 kapena 9. Ikalakwika ndi 10, yanamizidwa ndi mamita oposa 80, kuposa mamita 60 aja amene tinati ndiwo malire.

Mzinda uno umadziwa tanthauzo la ndege yotsika osafika. Usiku wa pa 17 kucha wa pa 18 Seputembala 1961, ndege ya DC-6 yotchedwa Albertina, yonyamula mlembi wamkulu wa United Nations, Dag Hammarskjöld, inagwa m'nkhalango kumadzulo kwa Ndola. Iye ankabwera kudzakumana ndi Moïse Tshombe wa ku Katanga. Anthu onse 16 anafa, mmodzi wa iwo atakhala masiku angapo m'chipatala. Chikumbutso chake chili kufupi ndi bwalo latsopano lija. Usiku umenewo nyengo inali yabwino, ndipo pakati pa zinthu zimene ofufuza anapima mosamala panali ma altimeter ndi nambala imene wa pansanja anapereka. Chimene chinagwetsa ndegeyo anthu akutsutsanabe, ndipo United Nations inatsegulanso kafukufuku motsogozedwa ndi woweruza Mohamed Chande Othman wa ku Tanzania. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimve. Pakati pa mboni panali anthu wamba a kuno, ena ootcha makala m'nkhalangomo, amene ananena kuti anaona ndege ina ndi kuwala kumwamba. Ofufuza a nthawi ya atsamunda sanawerengere umboni wawo. Patapita zaka zoposa 50, dziko linabwerera kudzafunsa zimene anthu oima pansi aja anaona.

Ndowa yowerengera mvula

Titsike pansi tsopano, ku chida chosauka kuposa zonse koma chokhudza mimba ya aliyense muno. Choyezera mvula ndi chitini chokhala ndi fanulo, kukamwa kwake mamilimita 127, ndi kagalasi kolembedwa manambala. Ku Korea anayamba kuyeza mvula mwadongosolo mu 1441, m'nthawi ya mfumu Sejong. Kuno kwathu chimawerengedwa 8 koloko m'mawa uliwonse. Mukamva pa wailesi kuti kwagwa mvula ya mamilimita 20, tanthauzo lake n'lakuti pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi patsanulidwa ndowa ya malita 20. Milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000, ndiyo migolo 50 ya malita 200. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi, mvula ya mamilimita 25 ikagwa, limakhetsa malita 2,000. Amayi amene mumadikira madzi pa mpopi mpaka pakati pa usiku, madzi amenewo amangothamangira mu ngalande kupita ku Kafubu.

Ndola imalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 1,200 pa chaka, yambiri yobwera ndi mpweya wonyowa wochokera ku Congo. Koma nambala ya chaka siidyetsa munthu. Chimene mlimi amafuna n'kudziwa ngati mvula yagwayi ndi chizimalupsa chabe, chongopha fumbi, kapena ndi yobzalira. Amafuna kudziwa kuti ng'amba ya mu Januwale yatenga masiku angati. Tonse tikukumbukira dzinja la 2023 kulowa 2024, pamene chimanga chinauma chili chiimire, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi anayamba kubwera ngati mlendo. Tikukumbukiranso kumapeto kwa Novembala 2023, mvula yamphamvu itakwirira anthu okumba miyala ku Seseli ku Chingola, ndi namondwe Freddy amene anasesa abale athu ku Chilobwe ndi madera ena a kumwera kwa Malawi mu Malichi chaka chomwecho. Walira mvula walira matope, akuluakulu anatero. Yochepa imapha, yochuluka imapha, ndipo kuti munthu achenjezedwe, payenera kukhala wina amene akuwerenga.

Zida zina ndingozitchula modutsa. Pali timakapu titatu tozungulira pa mlongoti wa mamita 10, toyeza liwiro la mphepo, ndi muvi wosonyeza kumene ikuchokera. Asodzi a pa nyanja ya Malawi safuna muvi kuti adziwe mwera ndi mpoto, koma ndege imafuna manambala. Pali mpira wagalasi umene umasonkhanitsa dzuwa n'kuwotcha kamzere pa pepala, kuti tidziwe maola amene lawala. Pali beseni lalikulu la madzi loyeza kuchuluka kwa madzi ouma pa tsiku. Pali mabaluni akuluakulu onyamula kawailesi, amene mayiko amagwirizana kuwamasula nthawi imodzi, 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana pa wotchi ya kuno, ndipo amakwera makilomita pafupifupi 30 asanaphulike. Ngakhale inuyo muli ndi chida m'mutu: mukaona mphenzi, werengani masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi.

Setilaiti imaona msana, ife timaona mimba

Wina afunsa kuti, masiku ano foni imanena za mvula, setilaiti imajambula dziko lonse, nanga zitini ndi mabokosi n'zachiyani? Ma setilaiti a Meteosat amene amayang'ana Africa ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo ntchito yawo njaikulu. Koma setilaiti imaona msana wa mtambo. Mtambo wa bingu ungatalike makilomita 15, ndipo chimene chikuchitika kunsi kwake, ngati uli pa mamita 1,000 kapena wagona pa msewu wa ndege, ngati ukukhetsa mamilimita 5 kapena 50 pa Kanini, amachidziwa bwino ndi amene ali pansi pake. Zimene foni yanu imanena zimachokera ku makompyuta akuluakulu akunja, ndipo makompyutawo amadya manambala otumizidwa ndi nthambi monga Zambia Meteorological Department ndi inzake ya ku Blantyre, kudzera mu mgwirizano wa World Meteorological Organization, bungwe limene linayamba mu 1950. Pa makontinenti okhala anthu, Africa ndiyo ili ndi malo owerengera otalikirana kwambiri. Foni ikakunamizani za mvula, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti mphika wa makompyuta aja unalandira ufa wochepa kuchokera kwathu kuno.

Ndipo kuno ku migodi kuyang'ana kumwamba sikukhudza mvula yokha. Anthu a ku Kankoyo ku Mufulira amadziwa senta, utsi woyabwa pakhosi wochokera kosungunulira miyala. M'mawa wa mu Juni, mpweya wozizira umagona pansi, wofunda uli pamwamba pake ngati chivundikiro, ndipo utsi wa m'machumuni, wa mbaula ndi wa magalimoto umasowa kothawira. Ceilometer yomweyo, popeza fumbi ndi utsi nazonso zimabweza kuwala, imatha kusonyeza kuti chivundikirocho chili pa msinkhu wanji ndipo chikutseguka nthawi yanji.

Musaganize kuti ndikunyoza nzeru za makolo. Agogo amene ankayang'ana kutuluka kwa inswa, kulira kwa achule, kuphuka kwa mitengo ndi kumene mphepo yatembenukira anali owerenga zanyengo enieni, ndipo ku Msinja kwa Makewana ndi ku Khulubvi kwa Mbona mvula inali nkhani ya mtundu wonse. Chimene analibe ndi buku. Nkhalamba ikamwalira, zaka 70 za kuyang'ana zinkapita nayo kumanda. Nambala yolembedwa imatsala, ndipo mdzukulu angaiyerekeze ndi yake n'kuona ngati dzinja likuchedwadi kuposa kale.

Ndiye ana anga, ndikusiyirani ntchito ziwiri. Yoyamba njamawa lomwe. Tengani protractor ya m'kabokosi ka masamu, mumange ulusi pakati pake, kumapeto kwa ulusiwo kamwala. Yezani mamita 20 kuchokera pa tsinde la mtengo wautali wa pasukulu. Suzumirani nsonga yake motsata mphepete yowongoka, mnzanu awerenge pamene ulusi wagwera, muchotse nambalayo pa 90, ndipo mwapeza ngodya. Chulukitsani 20 ndi tan yake, muwonjezere msinkhu wa maso anu. Mukatha kuyeza mtengo osaukwera, mtambo sungakuvuteni, chifukwa thirayango yake ndi yomweyo.

Yachiwiri njautali. Aphunzitsi, pezani choyezera mvula, muchiike poyera, kutali ndi mitengo ndi madenga, ndipo mugule buku lachikuto cholimba. Ana azisinthana kuwerenga 8 koloko m'mawa, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, pa tchuthi pomwe. Tsiku lopanda mvula alembe 0, asasiye mpata, chifukwa mpata umatanthauza kuti palibe anabwera, pamene 0 amatanthauza kuti munthu anabwera, anasuzumira, napeza mouma. Ndipo amene waiwala alembe kuti waiwala, asapeke nambala monga ndinachitira ine ndi nkhungu yanga ya mu Okutobala.

A zanyengo amafuna manambala a zaka 30 kuti anene motsimikiza kuti nyengo ya malo akutiakuti njotere. Mwana wa zaka 15 amene ayambe bukulo adzakhala ndi zaka 45 likamadzakwana, mwina ali ndi ana ake pasukulu pompano. Ine sindidzaliona. Koma tsiku lina munthu adzafuna kudziwa kuti mvula ya ku Kanini inkagwa bwanji m'masiku athu ano, kaya pomanga mlatho, kaya posankha mbewu, ndipo adzatsegula tsamba loyamba n'kupeza dzanja la mmodzi wa inu. Muyende bwino, ndipo potuluka pakhomopo muyang'ane kumwamba, muone ngati mitambo ija idakali yosalala kunsi.